Maso Anga Anatsala pa Zikwangwani za ku Joni

Ana anga, mutu uno ndakhala ndikuuzengereza. Za ukwati wanga ndi amayi anu zinatuluka mosavuta, koma za ku Pretoria zimandikhala pakhosi. Mumadziwa kuti bambo anu anapita ku Joni akuona nabwerako akupapasa. Chimene simudziwa bwino n'chakuti inalipo nthawi imene ndikanatha kubwera diso likadali ndi kuwala, n'kukuonani nonse awiri, makamaka iwe Tiyamike amene unabadwa ine ndili kutali. Sindinabwere. Madalitso, lemba monga ndikunenera, usakonze kalikonse kuti kakome.

1998 mpaka 1999: Hatfield

Ndinafika ku Pretoria m'nyengo yozizira ya 1998 ndi satifiketi ya JC, jekete yobwereka ndi kaluso kokonza mawailesi kamene ndinatola pakhonde la sitolo ina pa Balaka. Ntchito yanga yoyamba inali ku Hatfield, dera la ana a ku yunivesite ndi maofesi, pansi pa nyumba ina yosanja pomwe panali malo oimika magalimoto. Udindo wanga wonse unali thabwa. Thabwalo linali lopakidwa penti yofiira ndipo linalembedwa mawu amodzi okha, FULL, kutanthauza kuti mwadzaza. Ndinkazungulira m'mizere kuona ngati malo atsala, ndipo ndikapeza kuti atha ndinkathamangira kukhomo kukaima ndi thabwa pachifuwa. Oyendetsa ena ankanditukwana ngati malowo ndawadya ndine. Tangoganizani, munthu wa JC yake, bambo wa mwana, kulipidwa chifukwa choti ali ndi manja awiri onyamulira thabwa. Amayi anu ndinawauza kuti ndine woyang'anira magalimoto, ndipo kunena zoona sindinaname kwenikweni.

Chaka chotsatira kunabwera amuna ovala maovolosi ndi makina ocheka phula. Anacheka pansi pakhomo lolowera ndi pakhomo lotulukira, n'kulowetsa waya m'ming'alumo mozunguliza kangapo, kenako n'kumatapo phula lina. Panja, pamtengo wachitsulo, anapachika chibokosi chakuda. Wamkulu wawo anali Sello, wa mtundu wa Apedi a kumeneko, wamtali woonda, wokonda kuimba mluzu akamagwira ntchito. Ine ndinasiya thabwa langa n'kumamugwirira makwerero, mafunso ali mbwee. Wayayu ndi wachiyani? Nanga bokosilo lidziwa bwanji? Iye dzina langa sanavutike nalo, ankangonditchula Malawi, monga ankachitira onse kumeneko.

"Eish, Malawi, umafunsa ngati wapolisi," anatero. "Waya uyu amamva chitsulo. Galimoto ikadutsa pamwamba pake, kabokosi ka mkati kamachotsa malo amodzi. Ina ikatuluka khomo linalo, kamabwezera amodzi. Chotsalacho ndi chimene chiziyaka panja paja. Malo akatheratu chizilemba chokha kuti mwadzaza."

"Nanga ine?" ndinafunsa.

"Iwe chiyani?"

"Thabwa langa."

Sello anayang'ana thabwa lija litatsamira khoma, n'kusiya mluzu. Tsiku limene chikwangwanicho chinayaka ndinaima tsidya lina la msewu n'kuchiyang'ana nthawi yaitali. Chinali chokongola, sindikana. Manambala achikasu ankasintha okha popanda wothamanga, popanda wotukwanidwa. Kumapeto kwa mwezi anandiuza kuti ntchito yanga yatha. Ndikutuluka ndi kachikwama kanga ndinakumana ndi Sello atabwera kudzaona ngati zonse zikuyenda. Anakanda m'mutu nati, "Unati umatha kuwotcherera timawaya ndi mtovu? Ubwere ku Rosslyn Lolemba. Ukanene kuti ndakutuma ndine."

2000 mpaka 2003: Rosslyn

Rosslyn ali kumpoto kwa mzinda, kwa mafakitale okhaokha, ambiri a iwo a magalimoto. Yathu inali yaing'ono, shedi yamalata yobisika kuseri kwa zikuluzikulu. Mwini wake tinkamutchula Bwana Kobus, Mbunu wofiira khosi, wokalipa kwambiri koma woiwala msanga. Kumeneko ndi kumene ndinadziwira mkati mwa chinthu chimene chinandilanda thabwa. Mukachiona patali mumayesa ndi galasi limodzi ngati la TV, koma ayi. Ndi timanyale tambirimbiri, kalikonse kochepa ngati njere ya nandolo, tondandalikidwa m'mizere pa timatabwa takuda. Chilembo chimapangika poyatsa tina ndi kusiya tina. Kuseri kuli kabokosi kamene kamalandira uthenga kudzera pa waya wa foni n'kuuza kanyale kalikonse kuti iwe yaka, iwe khala. Pamwamba pali kadiso kamagetsi koyeza kuwala kwa kunja. Dzuwa likaswa mtengo timanyale timayaka ndi mphamvu kuti tipikisane nalo, ndipo kukada timadzichepetsa kuti tisathobwe woyendetsa m'maso. Mkati muli timafani tochotsa kutentha, chifukwa chitsulo chakuda padzuwa la ku Pretoria ungakazingepo dzira.

Tinkapanga za mitundu iwiri. Za koimika magalimoto zinkangoonetsa manambala ndi muvi wolozera kumene kuli malo. Za pamsewu zinkalemba mawu, monga kuti kutsogolo kuli ngozi kapena akukonza msewu. Bwana Kobus anali ndi malamulo awiri amene ankatiimbira tsiku ndi tsiku. Loyamba, mawu achepe, chifukwa munthu wothamangitsa galimoto ali ndi mpata wongoponya diso kamodzi kapena kawiri. Lachiwiri, chikwangwani chisaname. "Chikanena kuti kuli ngozi iye n'kukapeza kulibe," ankatero akumenya tebulo, "mawa sachepetsanso liwiro, ndipo mawalo ngozi idzakhalako." Lamulo lachiwirili linandilowa m'mafupa kuposa zambiri zimene ndinamva ku tchalitchi.

Ntchito imene inandikhalira inali yoyesa. Chikwangwani chisanatuluke pageti tinkachiyesa pafupi ndi patali. Poyesa pafupi tinkayatsa timanyale tonse pa mphamvu yake yonse, ine n'kuima poti mpweya wanga ukugunda galasi, kuyenda mzere ndi mzere kusaka kakufa kapena kofooka, ndikakapeza n'kuzunguliza choko. Kumbukirani kuti kuwala kumeneku anakupangira munthu amene ali kutali masana. Magalasi akuda analipo amodzi okha, a wowotcherera zitsulo, ndipo ukawavala kanyale kofooka ndi kabwino tinkaoneka chimodzimodzi, choncho ine ndinkawakwezera pamphumi. Poyesa patali ndinkakaima kumpanda, kumapeto kwa bwalo, n'kumawerenga mofuula zimene Sello walemba pa kompyuta. Maso anga ndinkawanyadira, ndisakubisireni. Tsiku lina Bwana Kobus anandimenya paphewa nati, "Malawi, maso akowa ndi chipangizo cha kampani, usapite nawo kokaledzera." Tinaseka tonse.

Ku fakitaleko ndinapeza Mmalawi mnzanga, Che Saidi, Myao wa ku Mangochi amene kale anali telala, koma uko ankamanga zitseko za mabokosi athu. Tinatenga chipinda chimodzi ku Capital Park, kuseri kwa nyumba ya mayi wina wamasiye. Miphika tinagawana, popeza iye anali Msilamu ndipo ine nyama sindisankha. Ankati Angoni tinalengedwa ndi mimba yokha, ine ndinkati Ayao analengedwa ndi pakamwa pokha, tikatero n'kugona mwamtendere.

Mu 2001 bambo anga anamwalira ndipo ndinabwera kudzaika maliro. Iwe Mada unali mwana wa ku pulayimale, wamabondo otuwa. Nthawi imeneyo ndinalibe mapepala, ndipo ulendo wobwerera unandionetsa zakuda moti ndinalumbira kuti sindidzawolokanso malire mpaka zinthu zitalongosoka. Tiyamike unabadwa chaka chotsatira. Dalaivala wina wa thiraki anandibweretsera chithunzi chako, koma anakukulunga m'shawelo ndi chipewa chaubweya mwakuti ndinangoona mphuno yokha. Pemiti yogwirira ntchito ndinaipeza mu 2003 kudzera ku kampani. Mungafunse kuti nanga bwanji sindinabwere pamenepo. Disembala ndi mwezi umene malo oimika magalimoto a kumasitolo akuluakulu amadzaza, zikwangwani n'kumafa, ndipo amene ankasiyidwa kuti adikire mafoni ndi ife opanda mabanja pafupi. Chaka chilichonse ndinkati chaka chamawa.

2004 mpaka 2007: M'misewu

Zaka zimenezi anayamba kunditumanso kunja kukakonza zimene tinapachika. Ntchito yakunja inali yotopetsa mtima kuposa thupi. Timatabwa ta nyale tinkachokera kutsidya kwa nyanja ndipo tinkachedwa miyezi, choncho tinkazula pa chikwangwani china kukaika pa china, n'kumasuntha chilema kuchoka msewu uno kupita msewu uwo. Zikwangwani zokokedwa pa ngolo, zimene amaimika pokonza msewu, zinkayendera mabatire ndi sola, ndipo akuba ankazikonda kuposa eni ake. Unkafika m'mawa n'kupeza bokosi lili yasa, mabatire kulibe, waya wamkuwa wazulidwa. Za koimika magalimoto nazo zinali ndi matenda ake. Bakki, ndiye kuti pikiapu, yokoka ngolo waya ankaiwerenga ngati magalimoto awiri, njinga yamoto nthawi zina osaimva n'komwe, ndipo pakutha pa sabata chikwangwani chinkati malo alipo pamene mwadzaza thothotho. Ndiye tinkapita kukawerenga magalimoto ndi maso n'kukonza nambala, ntchito yomwe ija ya thabwa, kungoti tsopano ndinali ndi ovolosi.

Vuto langa ndinalipeza mu 2006, ndipo ndinalipeza monga timapezera vuto lililonse pantchito yathu. Tsiku limenelo ndinkayesa pafupi chikwangwani chachikulu m'shedi. Kumanzere kwake, chakumunsi, ndinaona chigamba chonse chafooka, ndipo ndinazunguliza choko mosanyinyirika. Che Saidi anabwera ndi zitseko zake n'kuima kumbuyo kwanga.

"Achimwene, choko chonsechi n'chachiyani?"

"Simukuona? Kona yonseyi yafa."

"Ine ndikuona zikuyaka bwinobwino."

"Inu ndi telala," ndinamuyankha. "Sokani zitseko zanu."

Lamulo la ntchito yathu ndi lakuti usinthe kathabwa ka nyale. Vuto likatsatira kathabwa ndiye kuti koipa ndi komweko, likatsala pamalo ndiye kuti ndi waya. Ndinasintha kathabwa, mdima unatsala. Ndinasintha waya, mdima unatsala. Kenako ndinasendera kumbali kuti nditole sikuludiraiva, ndipo chigamba chija chinasendera nane. Ndinaima chilili. Ndinatseka diso lamanzere ndi dzanja, chikwangwani chonse chinali ngwee. Ndinatseka lamanja, theka lake linasowa. Che Saidi anatenga kansanza n'kuyamba kufuta choko chija Bwana Kobus asanalowe.

Ndinalimbalimba miyezi ingapo, koma Che Saidi sanandipatse mtendere mpaka ndinapita kuchipatala cha boma. Dokotala wa maso anali mayi wachitsikana, wolankhula mosazungulira. Anati madzi a m'diso sakutuluka bwino, akuchuluka n'kumafinya mtsempha woonera. "Chimene chafa chafa, bambo. Sitingachidzutse. Tingoyesa kuteteza chotsala." Anandipatsa mankhwala odontheza m'maso tsiku lililonse, oti ndizikatenga mwezi ndi mwezi moyo wanga wonse, osadumphitsa. Ndinamufunsa ngati ndi nyale zija. Anati mwina ayi, matendawa kawirikawiri amayenda m'banja, ngakhale kuti kuwala koteroko sikungandithandize. Ndinakumbukira mmene bambo anga ankapunthwira pa mpando m'nyumba yawoyawo ife n'kumati ndi ukalamba. Mpaka lero sindidziwa woti ndimuimbe mlandu, nyale kapena magazi athu. Inu awiri muzikayezetsa maso anu, limeneli ndi lamulo.

Apa ndi pamene nzeru za ntchito zinandipusitsa. Nyale zathu sizifa ngati babu la m'nyumba limene limangoti phwa kamodzi. Zimafooka pang'onopang'ono, pa liwiro lodziwika, moti munthu wozolowera amatha kuyang'ana chikwangwani n'kunena kuti ichi chipirira zaka zakutizakuti. Ine ndinali katswiri wa zimenezo. Ndinakhala pabedi ku Capital Park n'kuwerengera maso anga chimodzimodzi. Lamanzere latenga zaka zingapo kuti lifike apa, lamanja langoyamba kumene, ndiye kuti ndili ndi zaka zomwezo kutsogolo. Mada amaliza sukulu, ine ndipita kwathu ndikuona. Ndinakhutira ndi masamu angawo n'kugona tulo.

2008: Mabasi

Pofika 2008 kampani yathu inali itapatsidwa gawo la ntchito yaikulu pamsewu wopita ku Johannesburg, pokonzekera mpira wa dziko lonse. Izi zinali zikwangwani zazikulu kuposa khoma la nyumba yathu ino, zopachikidwa pa zitsulo zodutsa pamwamba pa msewu wonse. M'mbali mwa msewu munali makamera, ndipo kwinakwake kunali chipinda chokhala ndi ma TV khoma lonse, momwe anthu ankaonera magalimoto. Akaona ngozi kapena mzere wautali ankasankha uthenga pa mauthenga ovomerezeka, n'kuutumiza kudzera pa waya wagalasi wokwiriridwa pansi, ndipo nthawi yomweyo unkayaka pamsewu. Ndinapempha kuti Che Saidi akhale wondithandiza, ndipo tinagawana ntchito mwakachetechete. Ine ndinkalowetsa manja m'bokosi, momwe zala zanga zinkadziwa waya aliyense, iye n'kumawerenga zapatali. Sello ndikhulupirira anazindikira, chifukwa anasiya kundiponyera makiyi n'kuyamba kundipatsira m'manja, koma sanafunse.

Mu Meyi chaka chimenecho kunabuka zipolowe zothamangitsa alendo. Kwathu ku Capital Park moto sunafike, koma nkhani zinkafika tsiku ndi tsiku. Msuweni wa Che Saidi anamuphwanyira kagolosale kake ku lokishi, midzi ya m'mphepete mwa mzinda, n'kuthawa ndi malaya okhaokha. M'takisi tinkakhala duu, kuopa kuti lilime litigulitsa. Kenako tinamva kuti kukubwera mabasi onyamula Amalawi ofuna kubwerera kwawo. Pasipoti yanga inali ku ofesi ya mapepala, kudikira pemiti yatsopano. Kukwera basi ndikanatha, koma kunali kupita kosabwereranso. Lamulungu lina masana ndinabwera kuchokera ku tchalitchi n'kupeza Che Saidi akumanga katundu wake m'chikwama cha mizeremizere.

"Achimwene, tiyeni," anatero osandiyang'ana. "Ine ndikupita chifukwa cha mantha, sindibisa. Koma inu muli ndi chifukwa choposa changa. Mwana uja wafika poyamba sukulu, simunamuonepo. Pitani mukamuone diso lija likadali ndi moto."

"Mada ali Fomu 3. Ndikachoka pano ntchito yatha, sukulu yake yathera pomwepo. Chatsala chaka chimodzi ndi theka basi."

"Nanga ndikapita ine, akuwerengereni ndani?"

"Lamanjali lili ndi zaka zake. Ndinawerengera."

Anasiya kumanga n'kunditembenukira. "Munawerengera? Eish, Mngoni uyu. Ndani anakuuzani kuti Mulungu anagula maso anu kumene Kobus amagula nyale zake?"

Ndinakwiya, ndipo ndinatuluka n'kupita ku kontena ya mafoni pafupi ndi masitolo. Ndinaimba kwa aphunzitsi aja oyandikana nafe kumudzi kuno amene anali ndi foni, nathamangitsa mwana kukaitana amayi anu. Nkhani ya zipolowe anali ataimva pa wailesi. Za maso ndinali nditawauza theka lokha.

"Bambo a Mada, bwerani," anatero. "Tidzadya zimene tidzadye. Anthu akuphunzitsa ana ndi mbatata zomwezi."

"Amake Mada, munthu sathawa ntchito itatsala pang'ono."

"Mwakhala mukunena pang'ono kuyambira mwanayu ali kumsana. Dikirani, lankhulani naye."

Ndinamva kupuma kwa mwana pa foni. Ndinati, "Tiya, ndine bambo ako." Unafunsa ngati ndili ndi ndevu. Ndinati ndilibe. Unati, "Oo," n'kubweza foni. Ndinaima m'kontenamo misozi ikutsika, mwini kontena akundiyang'ana, ndipo ndinatsala pang'ono kuthamangira kukamanga chikwama. Koma pobwerera ndinayamba kuganiza za thabwa lofiira lija. Ndinaona Mada atakula, wopanda satifiketi ya Fomu 4, akubwera ku Joni konkuno kudzaima pakhomo la munthu ndi thabwa pachifuwa. Zimenezo ndinalephera kuzimeza. Ndinaperekeza Che Saidi kokwerera basi, ndinamunyamulira chikwama, ndipo pokwera anandigwira dzanja nthawi yaitali. Ndinabwerera ndekha ku chipinda chija.

Zotsatira zake zinali zazing'ono poyamba. Mankhwala anatha, ndipo ndinaopa kukaima pamzere wa kuchipatala kumene aliyense amamva kalankhulidwe kako. Ndinati ndidikire zinthu zizizire. Zitazizira, ntchito inatipanikiza, ndipo wondikalipira kuti ndipite kunalibenso. Pamene ndinabwererako patapita miyezi, dokotala uja anayang'ana m'diso lamanja nthawi yaitali, n'kuika kachipangizo kake pansi. Anandifunsa kuti ndinali kuti masiku onsewa. Chimene lamanzere linataya m'zaka, lamanja linataya m'nyengo imodzi yozizira, ndipo masamu anga onse anagwera m'madzi.

2009: Kubwerera

Ndinapitirizabe kugwira ntchito, chifukwa tsopano kubwera kunali kopanda phindu ndipo kukhala kunali ndi phindu limodzi lokha, sukulu ya Mada. Ndinaphunzira kuzemba. Ndinkamva kulira kwa mafani n'kudziwa kuti magetsi alowa. Pofuna kuwerenga ndinkauza dalaivala wathu kuti tayang'ana uko ine manja atanganidwa. Zinatha motere m'mawa wina chakumapeto kwa dzinja la kumeneko. Gulu la Sello linkafuna kulowa mu mzere wakumanzere wa msewu, kuseri kwa kona, kukakonza waya. Dongosolo lake linali lakuti a m'chipinda cha makamera atumize uthenga wochenjeza kuti mzere umenewo watsekedwa, munthu amene ali pansi pa chikwangwani atsimikize ndi maso kuti walembeka bwino, ndiye anthu alowe pamsewu. Munthu wa pansi pa chikwangwaniyo ndinali ine, ndipo dalaivala anali atapita kukatenga zoimika pamsewu. Kawailesi kanga kolankhulirana kanalira. Anali mayi wa m'chipinda chija.

"Malawi, ndatumiza. Chikuonetsa chiyani?"

Ndinayang'ana m'mwamba. Ndinaona chikasu chokhachokha chomwazika, ngati moto wa tchire ukamaoneka mu utsi. Mawu amene anayenera kukhalapo ndinkawadziwa pamtima, ndipo ndikanatha kungowatchula. Mwina analipodi. Koma ndinali nditaonapo zikwangwani zikulandira uthenga theka, kapena kukakamira wa dzulo. Magalimoto ankadutsa ndi liwiro logwedeza ovolosi yanga, ndipo kuseri kwa kona kunali Sello, munthu amene ananditola ndilibe kolowera.

"Malawi, ukundimva? Chikuonetsa chiyani?"

"Sindikuona."

"Chazima?"

"Ayi, mayi, chikuyaka. Ine ndi amene sindikuona. Auzeni asalowe."

Masana omwewo ndinaitanidwa ku ofesi. Bwana Kobus sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa. Anangofunsa kuti zinayamba liti. Nditamuuza anatukwana m'chinenero chake motsitsa mawu, sindikudziwa ngati ankatukwana ine kapena ankadzitukwana yekha. Anayesa kundisunga m'shedi milungu ingapo ndikukulunga mawaya, koma tonse tinkadziwa kuti ndi ulemu chabe. Anandipatsa zanga zonse mosabera, zimene zinakwanira kuti iwe Mada ulembe mayeso ako, ndipo Sello anandikweza basi ndi manja ake. Unakhoza, mwana wanga, ndipo lero uli ndi ntchito yokhala pampando. Usadziimbe mlandu. Sindinakufunse maganizo, unali mwana, ndinasankha ndekha. Ukandifunsa ngati ndinasankha bwino, masiku ena ndimati inde, koma masiku ambiri ndimangokhala chete.

Basi inanditsitsa pa Ntcheu dzuwa lili pamutu. Ndinaima pambali pa msewu ndi chikwama, anthu akudutsa ngati zithunzithunzi, mpaka ndinamva mawu a amayi anu akuti, "Bambo a Mada." Kenako dzanja lalikulu lokhakhala linagwira langa, mawu a mwamuna akuti, "Mwayenda bwanji, ababa?" Ndinafunsa kuti ndi ndani. Unali iwe Mada. Ndinasiya mwana wamabondo otuwa, ndipo m'mutu mwanga ndiye amene alimobe.

Tiyamike unali kusukulu, ndipo tinakudikira pakhonde. Ulendo wonse ndinkadziuza kuti mwina pafupi, padzuwa labwino, kanthu kaoneka. Ndinamva mapazi akuthamanga n'kuima mwadzidzidzi pabwalo. Amayi ako anati, "Bwera, apatse moni abambo ako." Unagwada patali. Ndinati uyandikire. Ndinatsika pakhonde n'kukutembenuzira kudzuwa, n'kupendeketsa mutu uku ndi uku kusaka kampata kamene kanatsala m'diso lamanja. Ndinaona kubiriwira kwa yunifolomu. Pamwamba pake panali mthunzi wozungulira, wopanda maso, wopanda pakamwa. Ndinapukuta diso ndi malaya n'kuyesanso. Amayi ako anati, "Wafanana ndi inu pamphumi." Pamenepo ndinatambasula manja n'kukugwira kumaso, zala zanga zokhakhala ndi mtovu zikuyenda pamasaya, pamphuno, pazikope. Unauma thupi lonse, kenako unabwerera m'mbuyo n'kukabisala kuseri kwa chitenje cha amayi ako. Ndinakumva ukunong'ona.

"Amayi, akufuna chiyani kumaso kwanga?"

Palibe anakuyankha tsiku limenelo. Amayi ako analowa m'nyumba, Mada anapita kukasuntha chikwama chimene chinali kale pamalo pake, ine ndinakhala pansi pafumbi pomwepo. Ndikuyankha lero, Tiya, pamene iwe ndi mayi wa ana ako. Ndinkafuna kukuona, mwana wanga, ndipo sindinakuonepo.